Ana a pagombe ndi khomo la sukulu: mbiri ya maphunziro ku Lago

Munthu akaima pagombe la Kobwe m'mawa mwera usanadzuke, chilumba cha Likoma amachiona pafupi zedi, ngati angachikhudze ndi nkhafi. Chilumbacho ndi cha Malawi, gombelo ndi la Mozambique. Koma anthu ake ndi amodzi. Amakwatirana, amalira maliro limodzi, amavina mganda ndi chioda, ndipo kondowole amadyera usipa wa m'nyanja imodzi. Chimene chinawasiyanitsa kwambiri pa zaka zoposa 100 zapitazi si madzi ayi, koma sukulu. Zidzukulu za gogo mmodzi zinkakula wina akuwerenga m'Chinyanja ndi Chingerezi, wina akulimbana ndi Chipwitikizi, wina osapondako m'kalasi mpang'ono pomwe. Mbiri ya maphunziro m'boma la Lago, kuyambira ku Meluluca kudzera ku Metangula ndi Messumba mpaka ku Kobwe, ndi mbiri ya khomo limene linkatsegukira ana ena kwinaku likutsekera anzawo.

Sukulu isanafike, ana a kuno sankakula opanda mwambo. Mnyamata ankaphunzira kwa amalume ake kusema bwato, kuluka ukonde ndi kuwerenga mphepo. Mtsikana ankalangizidwa ndi anamkungwi. Koma m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 moyo wa pagombe unali wa mantha. Angoni a Magwangwara ankatsika kuchokera kumpoto kudzafunkha, ndipo amalonda a akapolo ankadutsa ndi anthu awo kulowera ku Kilwa. Anyanja anathithikana m'midzi ikuluikulu ya malinga, ena m'mabango, ena pazilumba. M'midzi yopanikizana ngati imeneyi ndi m'mene munabadwira sukulu zoyamba.

Amene anazibweretsa anali William Percival Johnson, wansembe wa mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA. Johnson anayamba wakhala ku Mwembe, kwa Mfumu Mataka ya Ayao, koma mu 1881 anathamangitsidwako atamuganizira kuti ndiye ankaulula za malonda a akapolo. Kumayambiriro kwa 1882 anafika kunyanja ndi mnzake Charles Janson, amene anadwala ndi kumwalira patangopita masabata ochepa. Johnson anatsala. Mu 1884 nthenda ya maso inamugwira koopsa mpaka anatsala pang'ono kukhala wakhungu, komabe anabwerera kunyanja ndipo anagwira ntchito m'mbali mwake mpaka imfa yake ku Liuli mu 1928.

Nzeru yake inali ya munthu wodziwa nyanja. Iye anaona kuti pagombe pano msewu ndi madzi. Choncho mu 1885, chaka chomwe mishoni inakhazikika pa Likoma, sitima yaing'ono yotchedwa Charles Janson inayamba kuyenda. Inkaima mudzi ndi mudzi, kusiya mphunzitsi, masileti ndi timabuku, kenako n'kudzabweranso kudzaona mmene ana akuchitira. Mu 1901 panabwera sitima yokulirapo, Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow ndi kutchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanjayi mu 1895. M'kati mwake munali malo opemphereramo ndi ophunziriramo, ndipo anyamata ofuna uphunzitsi ankaphunzira sitima ili pa ulendo. Ku Kobwe kunatsegulidwanso sukulu ya aphunzitsi ya St Michael's, imene pambuyo pake inasamukira ku Likoma.

Koma tisanamizane, amene ankakhala m'midzimo usana ndi usiku, kudya zimene eni mudzi akudya ndi kuthawa nawo nkhondo ikabwera, sanali azungu. Anali aphunzitsi achikuda, ambiri a iwo anthu amene anaomboledwa ku ukapolo n'kuphunzira ku Zanzibar. Wotchuka mwa iwo ndi Augustine Ambali. Iyeyu anagwidwa ukapolo ali mnyamata kugombe la dziko limene lero ndi Tanzania, anapulumutsidwa panyanja yamchere, ndipo anadzafika kuno pamodzi ndi Johnson. Anakhala zaka zambirimbiri ku Msumba, kumene lero pamapu amalemba Messumba, ndipo sukulu yake inatchuka m'mbali monse mwa nyanja. Anadzozedwa unsembe mu 1906. Tangoganizani, munthu amene anagulitsidwapo ngati mbuzi ndiye anaimirira kutsogolo kwa ana a mafumu ndi ana a akapolo, onse atakhala pamphasa imodzi, n'kumawaphunzitsa zilembo zofanana. M'mudzi momwe aliyense ankadziwa kuti uyu ndi mfulu, uyu ndi wogulidwa, chimenechi sichinali chinthu chaching'ono.

Chinthu chachiwiri chachikulu chinali chilankhulo. Mwana wa ku Msumba ankayamba kuwerenga m'Chinyanja chomwe amayi ake ankamuitanira kukadya. Johnson ndi anzake a kuno anamasulira mabuku a sukulu, nyimbo ndi mapemphero, ndipo mu 1912 Baibulo lonse linatuluka m'Chinyanja cha kunyanja kuno. Zipatso zake sizinachedwe. Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia pagombe lomweli, anaphunzira m'sukulu zimenezi, anapitiriza ku Zanzibar, anadzozedwa unsembe mu 1909, ndipo anakatsegula ntchito ku Msoro, kum'mawa kwa dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Koleji ya ansembe a Anglican ku Zomba imatchedwa dzina lake mpaka lero. Amalawi ambiri amene amadutsa pachikwangwani chake sadziwa kuti munthuyo anali wa ku Mozambique.

Komabe khomo limeneli silinali lotsegukira onse. Sukulu ya mishoni inali njira yopita ku ubatizo, ndipo zimenezi sizinali zobisika. Kumwera kwa Metangula ndi kumapiri a Ayao, kumene Chisilamu chinali chitazika mizu chifukwa cha malonda ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere, makolo ankaona sileti ngati nyambo. Ankaopa kuti mwana akapita kumeneko abwerako ndi dzina lachilendo, atasiya Swala ndi kumadya zosayenera. Ambiri anasankha kutumiza ana awo kwa mwalimu wa kumadrasa kukaphunzira Korani ndi zilembo za Chiarabu. Mantha awo anali ndi maziko, ndipo palibe chifukwa chowanenera kuti ankadana ndi maphunziro. Ngakhale Yohana Abdallah, wansembe wa Chiyao amene anakhala zaka zambiri ku Unangu ndi kulemba mbiri ya mtundu wake m'buku la Chiikala cha Wayao mu 1919, sanathe kuwachotsa mantha amenewo. Zotsatira zake zinakhala za nthawi yaitali: midzi ya Chikhristu inatulutsa aphunzitsi, akalaliki ndi anamwino mibadwo ingapo, pamene midzi ya Chisilamu inatsalira pa maphunziro amene boma linkawawerengera.

Atsikana nawo ankalowa, koma ochepa, ndipo ankatuluka msanga. Mtsikana akangotha msinkhu, chinamwali ndi ukwati zinkamudikira, ndipo amishoni eni ake ankafuna makamaka kuti akule kukhala mkazi wabwino wa mphunzitsi. Sitima ija inkanyamula anyamata.

Kenako panabwera Apwitikizi. Pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linaika gombe lino m'manja mwa Apwitikizi, n'kusiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angerezi. Poyamba dera lonseli linaperekedwa ku kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene nkhawa yake inali msonkho ndi chibalo, osati sukulu. Kampaniyo itatha mu 1929, boma la Portugal linatenga ulamuliro, ndipo chaka chomwecho linakhazikitsa malamulo onena kuti maphunziro onse azichitika m'Chipwitikizi. Zilankhulo za eni dziko zinaloledwa pophunzitsa za chipembedzo basi. Mphunzitsi amene anaphunzitsa ana kuwerenga kwa zaka makumi awiri anadzuka tsiku lina ali wosayenera, chifukwa analibe pepala la Chipwitikizi. Chinyanja, chimene chinali ndi Baibulo ndi mabuku ake, chinatulutsidwa m'kalasi n'kutsala m'tchalitchi.

Mu 1940 boma la Portugal lotsogoleredwa ndi Salazar linasainirana pangano ndi Vatican, ndipo lamulo la 1941 linapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Dongosolo lake linali la makomo awiri. Ana a azungu, a amwenye ndi a anthu akuda ochepa otchedwa assimilados ankapita ku sukulu za boma. Ana a anthu ena onse, amene lamulo linkawatcha indígenas, ankayamba ndi ensino rudimentar, zaka zophunzira Chipwitikizi, katekisimu ndi ntchito za manja, nthawi zambiri kuphatikizapo kulima munda wa mishoni. Amene wapirira n'kudutsa pamenepo ankapeza kuti zaka zake zapitirira malire olowera ku sekondale, ndipo sekondaleyo inali kutali, m'mizinda ngati Lourenço Marques ndi Beira. Okalamba ambiri a m'Mozambique amakumbukira mbalamatodya, kathabwa kozungulira ka mabowo kamene ankamenyera m'manja. Kankagwira ntchito kuofesi ya boma ndi m'kalasi momwe, ndipo umodzi mwa milandu yake unali kuyankhula chilankhulo cha kwanu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ankatambasula dzanja, kulandira chilango chifukwa cha mawu amene anayamwira.

Messumba inapulumuka movutikira. Inali mishoni ya Chiprotestanti, ya chiyambi cha Chingerezi, m'dziko limene boma linkakayikira zonse ziwirizo. Koma inaphunzira kukwaniritsa zofuna za boma, inaphunzitsa m'Chipwitikizi, ndipo pofika m'ma 1950 sukulu yake inali imodzi mwa zodalirika m'chigawo chonse cha Niassa. Ana ankayenda masiku kudzagonera kumeneko. Akatolika nawo anamanga mishoni ndi sukulu ku Kobwe, kumene tchalitchi chawo chachikulu chimaonekera patali munthu ali m'bwato. Kuchokera pagombe losaukali kunatuluka anthu ophunzira ochuluka modabwitsa. Mmodzi wa iwo ndi Brazão Mazula, wobadwira ku Messumba mu 1944, amene anatsogolera bungwe loyendetsa chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994 ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa yunivesite ya Eduardo Mondlane.

Munthu wodziwa kuwerenga amayamba kufunsa. Achinyamata a ku Lago ankamva za Nyerere ku Tanganyika ndi za Kamuzu kutsidya, ndipo nkhondo ya ufulu itayamba mu Sepitembala 1964, Kobwe anali amodzi mwa malo oyamba kumveka mfuti. Ophunzira ndi aphunzitsi ambiri analowa gulu lomenyera ufulu la FRELIMO. Boma linabwezera mwankhanza. Midzi inatenthedwa, anthu anasonkhanitsidwa m'midzi ya mpanda yotchedwa aldeamentos, ndipo zikwi zinathawira ku Likoma, kumtunda kwa Malawi ndi ku Tanzania. John Paul, wansembe amene anakhala ku Messumba m'zaka zimenezo, analemba zimene anaona m'buku lotuluka mu 1975. Paulo Litumbe, wansembe wa kuno, anamangidwa ndi apolisi achinsinsi a PIDE ndipo anazunzika kundende, koma anakhala ndi moyo mpaka kudzakhala bishopu woyamba wa dayosizi ya Niassa. M'tchire namo munali sukulu. FRELIMO inkaphunzitsa ana pansi pa mitengo m'madera amene inalanda, makala ali choko, mchenga uli kope, anyamata ndi atsikana pamodzi, osafunsa za chipembedzo.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse asakudziwa kulemba ndi kuwerenga. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse, za mishoni zomwe. Akhristu a ku Messumba zinawapweteka, ndipo kupweteka kwawo n'komveka, poti zinali nyumba zomangidwa ndi thukuta la makolo awo. Koma kunena zoona, kupatula sukulu za m'tchire zija, aka kanali koyamba kuti mwana wa Msilamu alowe m'kalasi popanda wina kumuyembekezera kuti asinthe dzina. Chiwerengero cha ana a pulayimale m'dziko lonse chinawirikiza kawiri m'zaka zochepa. Chimene boma latsopano silinasinthe ndi chilankhulo. Poopa kuti mitundu ingagawikane, linasankha Chipwitikizi kukhala chilankhulo cha umodzi, ndipo mwana wa pagombe anapitiriza kuyamba sukulu m'mawu amene sanawamvepo kunyumba.

Nkhondo ya pachiweniweni inafafaniza zambiri mwa zimene zinamangidwa. Pofika pa 4 Okutobala 1992, pamene mtendere unasainidwa ku Rome, sukulu za pulayimale zoposa theka m'dziko lonse zinali zitagumulidwa kapena kutsekedwa. Anthu oposa miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ndipo ana awo ambiri anakaphunzira kuwerenga m'Chichewa. Atabwerera kwawo anapeza kuti luso limenelo kusukulu kulibe ntchito.

Apa ndi pamene akatswiri a maphunziro anayamba kuvomereza poyera chimene aphunzitsi a m'midzi ankachidziwa kale. Kalembera wa 1997 anaonetsa kuti anthu osakwana 7 pa 100 alionse ndiwo anali ndi Chipwitikizi ngati chilankhulo choyamwira, ndipo ngakhale mu 2017 chiwerengerocho chinali chisanafike 17 pa 100. Kumidzi ngati ya ku Lago n'chochepa kuposa apo. Mwana wa kalasi yoyamba ankangobwereza zimene mphunzitsi wanena ngati nyimbo, osamva kanthu, n'kulephera mayeso, n'kubwereza kalasi, mpaka kugwa mphwayi. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo zilankhulo zimene zinasankhidwa zinali Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja ku Tete. Anthu amene ankayendera makalasiwo anaona ana akukweza manja, akufunsa mafunso, akutsutsana ndi mphunzitsi, ndipo atsikana amene ankangoti zii anayamba kuyankhula. Kuyambira 2003 njirayi inaloledwa m'zilankhulo 16, ndipo ku Niassa inakhudza Chinyanja, Chiyao ndi Chimakhuwa. Mwana amaphunzira kuwerenga ndi masamu m'chilankhulo chake m'makalasi oyamba, Chipwitikizi akuchimva ndi kuchiyankhula pang'onopang'ono, kenako n'kudzasinthira. Bungwe la Progresso linathandiza kulemba mabuku ndi kusula aphunzitsi m'zigawo za kumpoto.

Wowerenga wa ku Malawi akatsegula buku lotere amamwetulira, chifukwa pachikuto palembedwa Cinyanja, popanda h, monga momwe ankalembera makolo athu dzina la Chichewa lisanakhazikitsidwe mu 1968. Koma akawerenga mokweza amamva kuti ndi kwathu komwe. M'mera mpoyamba, ndipo Ambali ankadziwa zimenezo zaka 100 akatswiri asanazitsimikize.

Ntchitoyi sinafike paliponse, ndipo pamene yafika imayenda motsimphina. Mabuku amachedwa kapena osabwera. Mphunzitsi amatumizidwa kuchokera kuchigawo china osadziwa Chinyanja kapena Chiyao. Makolo ena amakana, poona kuti ntchito ndi mayeso zili m'Chipwitikizi, ndipo amafunsa chifukwa chake ana a akuluakulu m'tauni saphunzira m'chilankhulo cha kumudzi. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo yankho lake si kuwanyoza makolowo koma kuwaonetsa mwana wa kalasi yachinayi amene akuwerenga bwino zilankhulo zonse ziwiri.

Nkhani ya atsikana yayenda ndi malamulo, ena opweteka. Mu 2003 unduna wa maphunziro unalamula kuti mtsikana woyembekezera azisamutsidwira ku makalasi a usiku. M'mudzi wopanda magetsi, kumene sukulu ya usiku kulibe n'komwe, kumeneko kunali kumuchotsa sukulu, pamene nthawi zambiri mwini mimba ankapitiriza moyo wake. Mabungwe a amayi analimbana ndi lamuloli zaka 15 mpaka linathetsedwa mu Disembala 2018. Mu 2019 nyumba ya malamulo inaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo chilango chimagwera mwamunayo, makolo, ngakhale mfumu yovomereza. Niassa ndi chimodzi mwa zigawo zimene maukwati otere ndi ochuluka. Lamulo palokha silingalowe m'tsimba. Amene angathe kulowamo ndi anamkungwi, angaliba, mashehe ndi mafumu, ndipo kumene iwo agwirizana kuti unyago ndi chinamwali zizichitika pa tchuthi, ndiponso kuti namwali abwerere m'kalasi, zinthu zimasintha popanda kunyoza mwambo wa munthu.

Anyamata ali ndi mdani wawo, ndipo ndi nyanja yomweyi. Mwezi ukakhala mumdima, mabwato amatuluka ndi nyali kukakoka chilimira. Mnyamata wa zaka 12 amapalasa usiku wonse, m'bandakucha n'kuthandiza kuyanika usipa pathandala, ndipo akafika m'kalasi mutu umangogwera padesiki. Madzulo ali ndi ndalama m'thumba, pamene mphunzitsi wake akudikira malipiro. Okulirapo amamva za golide wa ku Lupilichi, kumpoto kwa boma lomweli, n'kunyamuka. Kumuuza mwana wotere kuti sukulu ndi yabwino sikokwanira ngati sukuluyo ilibe denga ndipo akatuluka sadziwa kuwerengera mtengo wa nsomba zake.

Ndiye pali mtunda. Fizi ya pulayimale inathetsedwa cha m'ma 2004, ndipo lamulo la 2018 linati mwana aliyense aphunzire makalasi asanu ndi anayi mokakamizidwa. Kuyambira 2023 kalasi yachisanu ndi chiwiri inasamukira ku sekondale. Pamapepala ndi chitukuko. Koma pagombe pamene midzi ina imafikika ndi bwato kapena wapansi basi, zikutanthauza kuti mwana wa zaka 12 achoke pakhomo kukakhala kwa achibale kapena kuchita lendi ku Kobwe kapena ku Metangula, ndipo makolo ambiri salola mwana wamkazi kutero. Kumidzi yozungulira Kobwe, bungwe la Manda Wilderness Community Trust linagwirizana ndi anthu kuti mudzi uziumba njerwa ndi kugwira ntchito, bungwe n'kubweretsa malata ndi simenti. Motero kunamangidwa sukulu zingapo ndi nyumba yogonamo atsikana ku Kobwe. Nyumba imodzi yotere imasunga atsikana ambiri pasukulu kuposa misonkhano khumi.

Amene akudikirabe kunja kwenikweni ndi ana olumala. Mozambique inayamba ndondomeko ya sukulu zolandira ana onse mu 1998, ndipo inamanga malo atatu othandizira ntchitoyi ku Gaza, ku Tete ndi ku Nampula. Kuchokera ku Metangula, malo apafupi mwa amenewa ndi ulendo wa makilomita mazanamazana. Mwana wosamva, wosaona, wachialubino amene maso ake salimba padzuwa la pagombe, kapena woyenda chokwawa pamchenga ndi pamiyala, nthawi zambiri amakhala kuseri kwa nyumba, ndipo dzina lake silipezeka m'kaundula aliyense. Zimene akufuna si zodabwitsa: mphunzitsi wodziwa chilankhulo cha manja, mpando wa kutsogolo, chipewa, buku la zilembo zikuluzikulu, chimbudzi cholowekamo.

Gombe limeneli linaphunzitsidwa kuwerenga ndi munthu woomboledwa ku ukapolo pamodzi ndi wansembe amene ankaona movutikira, ndipo iwo sankadikira kuti mwana abwere, ankakocheza sitima pamudzi pake. A ku ofesi ya maphunziro ku Metangula ndi ku Lichinga, pamodzi ndi mafumu, mashehe, ansembe ndi makomiti a sukulu, ayambe chaka chilichonse ndi kuyenda khomo ndi khomo, kuchokera ku Meluluca mpaka kumalire a Tanzania, kulemba dzina la mwana aliyense amene sali m'kalasi ndi chifukwa chake, ndipo dzinalo lisachoke pamndandanda mpaka mwanayo atakhala pa desiki.